Atatu a pa chithunzi cha m'tiranki

Chaka chatha tikusasula denga la nyumba ya agogo kumudzi ku Chiradzulu kuti tikhome malata, tinatulutsa tiranki yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa bedi kuyambira ndili mwana. Kiyi anatayika kalekale, moti loko tinachita kuswa ndi nyundo. Pamwamba panali zovala zodyedwa ndi njenjete. Pansi penipeni, m'kansalu komanga mfundo, munali mendulo zinayi, kabuku kothimbirira ndi chithunzi chimodzi.

Pachithunzipo pali asilikali atatu, avala makabudula a kaki ndi zipewa zopinda mbali imodzi, miyendo atakulunga nsalu kuchokera m'kakolo mpaka chakubondo. Kuseri wina analemba ndi pensulo kuti Ceylon 1943. Ceylon ndi dziko limene lero amalitcha Sri Lanka. Dzina palibe. Tonse amene tinalipo tsikulo tinalandirana chithunzicho, koma panalibe wotha kuloza kuti agogo ndi awa.

Iwo anamwalira ine ndili ndi zaka 6. Chimene tinkadziwa pabanja chinali chiganizo chimodzi basi: anali a Keyala, anapita ku Bama. Ndili wamng'ono ndinkayesa kuti Bama ali chapafupi ndi Joni, kumene ankapita amalume. Keyala ndi King's African Rifles, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Bama ndi Burma, dziko limene lero amalitcha Myanmar.

Ndinayamba ndi mendulo poganiza kuti kuseri kwake ndipeza dzina. Kunali mbee. Mendulo za nkhondo yachiwiri a Britain ankazipereka osadindapo dzina la mwini wake. Komabe kansalu kopachikira kamalankhula. Imodzi ili ndi mzere wofiira pakati, m'mbali muli wachikasu chofiirira ndi wobiriwira ngati thambo la madzulo: imeneyo ndi Burma Star. Ina, ya kansalu kooneka ngati mchenga, ndi Africa Star, ndipo iyi ndi imene inandidzidzimutsa. Msilikali wa Keyala ankailandira ngati anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia (lero Ethiopia) mu 1940 ndi 1941. Ndiye kuti agogo asanaoloke nyanja anali atamenya kale nkhondo ina, imene pakhomo pathu sinatchulidwepo ngakhale kamodzi.

Kabuku kaja ndi kotulukira usilikali. Dzina lawo analilemba molakwika, ndipo pa tsamba lina analilembanso mwa mtundu wina. Dzina lachiwiri ndi la bambo awo, osati mfunda wathu. Mlembi ankalemba zimene khutu lake lamva. Chimene sichisintha tsamba ndi tsamba ndi nambala yoyamba ndi zilembo DN, zimene ankapatsa asilikali olembedwa ku Nyasaland, pamodzi ndi dzina la mfumu ya m'mudzi ndi boma. Ngati nanunso muli ndi kabuku kotere, koperani nambalayo lero lomwe, muisunge pa malo awiri. Pofufuza, nambala ndiyo imakufikitsani patali kuposa dzina.

Ndinapita ku Zomba kawiri. Ndinakhala masiku angapo ku National Archives ndikuwerenga mafayilo a boma la atsamunda, ndipo ndinakaimanso pa nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks. Pang'onopang'ono njira ya agogo inayamba kuoneka. Gulu lalikulu la 11th East African Division linatumizidwa ku Ceylon mu 1943 kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo zikugwirizana ndi pensulo ija. Mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw ku Bama mkati mwa dzinja, mvula ikugwa usana ndi usiku, magalimoto akutitimira m'matope, chakudya chikuchita kuponyedwa ndi ndege. Malungo ndi matenda ena ankagwetsa anthu ambiri. Anafika pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala chaka chomwecho. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kuti amayi ankati agogo sankalola mwana kuyenda ndi mapazi onyowa m'nyumba, ankachita kumupukuta okha pakati pa zala.

Koma mapepala onsewa sanandiuze kuti mwa atatu aja agogo ndi ati. Zithunzi za Keyala zimene ndinaona pa intaneti, za ku Imperial War Museum ku Britain, zambiri zimangoti askari, kutanthauza msilikali, osatchula munthu. Zimenezi zimandiwawa mpaka pano. Anthuwa anali ndi maina, anali ndi midzi.

Wondimasulira anali azakhali, mwana woyamba wa agogo, amene tsopano maso akuwavuta. Ndinajambula chithunzicho ndi foni n'kuchikulitsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Mwanangu, usayang'ane nkhope, onse anali owonda. Yang'ana dzanja." Wa kumanzere chala chake chaching'ono n'chopindika. Chinathyoka ali mnyamata, ng'ombe itawakoka ndi chingwe. "Ababa ndi amenewa."

Wa pakati anamuzindikiranso. Anali wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, analembetsa tsiku limodzi ndi agogo, ndipo sanabwerere. Azakhali akuti chaka chilichonse agogo akakolola ankatumiza dengu la chimanga kwa amayi a mnyamatayo, mpaka gogoyo anamwalira. Ana ankangouzidwa kuti senzani, kaperekeni.

Agogo sangapezeke pa mndandanda wa Commonwealth War Graves Commission chifukwa umenewo ndi wa amene anafera ku nkhondo. Mnzawoyo ndiye ndikumufufuza kumeneko. Pa Rangoon Memorial, m'manda a Taukkyan, pali maina pafupifupi 27,000 a asilikali opanda manda odziwika, ndipo a Keyala alipo. Ndapeza maina awiri a nambala za DN amene akufanana ndi limene azakhali ananditchulira, kalembedwe kokha n'kosiyana.

Ndatsukitsa chithunzi china ku Limbe. Loweruka likubwerali ndioloka dambo lija kukaonana ndi adzukulu a banjalo. A mfumu akuti alipo, ndipo mmodzi amasunga chikwama cha mapepala a makolo ake.