Buledi wowotcha kale angabwererenso pamoto?

Pakhomo pathu kuno ku Salima pali mkangano wosatha, ndipo gwero lake ndi buledi. Alamu anga akuti buledi akawotchedwa kamodzi, basi zake zatha, kumubwezera pamoto n'kuwotcha makala. Ine ndikuti amabwerera bwinobwino.

Tosita tilibe, timangotereka chiwaya pa mbaula. Vuto limabwera ndi ana ochedwa kudzuka, amene amapeza buledi wawo atazizira, akukanika kulumika. Ndikangoti ndimutenthetsenso, alamu amayamba: "Inu alamu, mwanayu mukufuna adye phulusa?"

Mantha awowo ali ndi pogwira. Moto ukakhudza buledi, umayamba wachotsa madzi. Pamwamba pakauma m'pamene shuga ndi mapuloteni zimagwirana n'kutulutsa mtundu wofiirira uja ndi kafungo kodzutsa ngakhale wa tulo tofa nato. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1912. Tsono ulendo woyamba moto umataya nthawi yambiri kulimbana ndi madzi. Wachiwiri madziwo amakhala atachepa kale, ndiye kupsa kumayamba pompopompo. Ukamuika n'kupita kukasesa panja, ukapeza wada bii. Mlandu ndi wa wowotchayo. Chepetsani makala, imani pomwepo, tembenuzani msanga.

Komanso alamu angawa ndi a ku Senga Bay, kwawo amawamba nsomba. Mlamba wowamba ukayamba kufewa ndi chinyezi, saubwezera pamoto kuti ulimbenso? Ndikawafunsa zimenezi amangoti nsomba ndi nsomba.

Kunja kuno alipo anthu amene amawotcha kawiri mwadala, n'kumalipiritsa ndalama zambiri. Wophika wotchuka Auguste Escoffier anakonzera woimba wa ku Australia, Nellie Melba, buledi wotere: amamuwotcha, kumung'amba pakati kuti apyapyale, n'kuwotchanso mbali yosapsayo. Mpaka lero m'mahotela amamutcha Melba toast. Nanga ma rusk amene abale athu amabwera nawo kuchokera ku Joni? Amaphikidwa, kudulidwa, n'kubwereranso mu uvuni kuti aume gwa. Alamu omwewa amaviika mu tiyi mpaka paketi kutha, osadandaula.

Pamene ndimawagonjera ndi pamodzi. Buledi akada zenizeni, m'tayeni. Zakudya za sitachi zikapserera zimapanga mankhwala otchedwa acrylamide, amene akuganiziridwa kuti angayambitse khansa, ndipo mu 2017 bungwe loona za zakudya ku Britain linalangiza anthu kuti aziwotcha buledi mpaka afiirire pang'ono chabe, asade. Zopala ndi mpeni zija n'kudzinamiza, kuwawa kumatsalabe.

Ndinawayalira zonsezi, Escoffier ndi Maillard yemwe, ndili ndi chikhulupiriro kuti nkhani yatha. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti makala a ulendo wachiwiriwo azigula ndani, poti thumba lakwera mtengo. Akuti mwana wochedwa kudzuka azidya wozizira yemweyo, mawa adzadzuka msanga.