Mmene ndinapezera ndalama zoyamba za kafukufuku wangawanga nditamaliza PhD

Munthu akamaliza digiri ya PhD m'maphunziro a sayansi, ntchito imene kawirikawiri amayamba nayo ndi ija timaitcha kuti postdoc. Imeneyi ndi ntchito ya kontrakiti ya chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo malipiro ake amachokera ku ndalama zimene wasayansi wina wamkulu anapempha ku mabungwe othandiza kafukufuku. Ine ndinalowa ntchito yotereyi pamalo ena ofufuzira za umoyo mu mzinda wa Blantyre, m'gulu lofufuza za udzudzu wofalitsa malungo. Malipiro sanali odandaulitsa, koma tsiku lothera ntchito linali litalembedwa kale m'kalata yondilembera ntchitoyo, ndipo tsikulo linali lomwelo limene ndalama za pulofesa wotsogolera gulu lathu zinkathera. Ku banki, nditapita kukafunsa za ngongole yomangira nyumba, anayang'ana tsiku limenelo asanayang'ane malipiro anga. Achibale akumudzi, amene tsopano ankanditchula kuti adokotala, sankamvetsa kuti munthu wophunzira chonchi angakhale pantchito yosakhazikika kuposa ya mphunzitsi wa kupulayimale.

Njira zotulukira m'moyo wotere ndi zochepa. Ina ndiyo kudikira kuti malo a uphunzitsi apezeke pa imodzi mwa mayunivesite a boma, monga KUHeS, MUBAS, LUANAR, MUST, Mzuzu University kapena University of Malawi, koma malo otere satuluka kawirikawiri, ndipo amene awapeza amapanikizika ndi makalasi aakulu ndi kuchonga mayeso mpaka nthawi ya mu labotale imasowa. Ina ndiyo kudumpha kuchoka pa kontrakiti ina kupita pa ina, kugwirira ntchito mafunso a anthu ena mpaka imvi zitamera. Ine ndinasankha yachitatu, yopempha fellowship, ndiye kuti ndalama zoperekedwa m'dzina langa, zolipira malipiro anga komanso kafukufuku amene ndaganiza ndekha.

Choyamba chinali kufufuza makomo amene anali otsegula. Anzanga amene ananditsogolera ankasimba za FLAIR, ndondomeko ya African Academy of Sciences ndi Royal Society ya ku Britain imene inkathandiza asayansi achinyamata a mu Africa, koma inatha boma la Britain litachepetsa ndalama zothandizira mayiko ena mu 2021, kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dzikolo. Panali mwayi wina kudzera ku DELTAS Africa, ndondomeko yothandiza kuphunzitsa asayansi a mu Africa, imene tsopano ikuyendetsedwa ndi Science for Africa Foundation ya ku Nairobi, ndiponso ku EDCTP, imene imathandiza kafukufuku wa matenda monga malungo, TB ndi HIV. Ndinakhazikika pa Early-Career Award ya bungwe la Wellcome la ku London, chifukwa inkapereka malipiro a zaka zisanu pamodzi ndi ndalama za kafukufuku zofika mapaundi 400,000, ndipo inkalola kuti ntchito ichitikire kuno kwathu. Lamulo lake limodzi ndi limene linandidzutsa: wopempha asakhale atagwira ntchito ya postdoc kupitirira zaka zitatu, ngakhale kuti amachotserapo nthawi imene munthu anapuma chifukwa cha uchembere, matenda kapena zifukwa zina zomveka. Izi zikutanthauza kuti nthawi imayamba kuwerengedwa munthu akangomaliza PhD, pamene ambiri a ife timakhala tikupumirabe m'mwamba. Malamulo a mabungwewa amasintha, choncho aliyense awerenge amene alipo chaka chimene akupempha.

Gawo limene linandivuta koposa silinali la mafomu, koma lopeza funso limene ndi langa. Oweruza mapempho otere amafuna kuona kuti wopemphayo akuyamba kuima payekha, osati kuti akungopitiriza ntchito ya abwana ake m'dzina lina. Gulu lathu linkafufuza za chibadwa cha udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene m'chigwa cha Shire, makamaka ku Chikwawa, umadziwika kuti sukufanso kwenikweni ndi mankhwala a pyrethroid amene amapakidwa m'masikito. Ntchito yanga inali yoyesa zimenezi. Tinkalowa m'nyumba za anthu m'bandakucha, titanyamula tochi ndi kachubu koyamwira udzudzu, n'kumasakasaka kuseri kwa zovala zopachikidwa pachingwe ndi kudenga la udzu. Udzudzu wogwidwawo tinkauika m'makapu a pepala otsekedwa ndi kaneti, pamwamba pake titaikapo thonje lonyowetsedwa ndi madzi a shuga. Ku labotale tinkautsekera kwa ola limodzi m'machubu okhala ndi pepala la mankhwala, monga mwa njira ya World Health Organization, kenako n'kuwerenga wakufa pakatha maola 24. Ngati wakufa sukufika 90 pa 100 uliwonse, ndiye kuti udzudzu wa kumeneko wayamba kupirira mankhwalawo.

M'maulendo amenewa ndi mmene funso langa linabadwira. Amayi ambiri ankatiuza kuti amagona m'masikito usiku uliwonse, koma udzudzu umawaluma kukacha, akamasesa pakhomo kapena akamasonkha moto wa phala la ana asukulu. Ndinayamba kudzifunsa ngati udzudzuwu, kuwonjezera pa kupirira mankhwala, ukusinthanso nthawi ndi malo olumira, ndiponso ngati masikito atsopano okhala ndi mankhwala awiri, amene World Health Organization inawavomereza mu 2023, angaukankhire kwambiri ku khalidwe limenelo. Funsoli linali la khalidwe la udzudzu, pamene la pulofesa linali la chibadwa chake, choncho tinali moyandikana popanda kupondana.

Komabe ndinayenera kukakhala nawo pansi. Ndinawauza kuti, “Pulofesa, ndikufuna kupempha ndalama zangazanga, ndipo ndikupempha kuti mundilole kugwiritsa ntchito zina mwa zimene tinapeza ku Chikwawa ngati umboni woyambira.” Iwo anavomera, ndipo tinalemberana kalata yonena zimene ndingatenge, zimene zitsalire gulu, ndi mmene maina adzasanjidwire pa zimene tidzafalitse. Kalata yotere ena amaiona ngati kusakhulupirirana, koma ine ndimaiona ngati yoteteza ubale, pakuti mikangano yambiri imene ndaiona pakati pa asayansi akuluakulu ndi achinyamata inayambira pa zinthu zimene zinangolankhulidwa pakamwa. Si postdoc aliyense amene amalandiridwa bwino akabwera ndi nkhani yotereyi, chifukwa wamkulu wa gulu amadziwa kuti akutaya manja odalirika, ndipo wachinyamatayo amafunabe kalata yomuchitira umboni kuchokera kwa munthu yemweyo.

Pempholo linkafuna anthu awiri ondiimira. Wina anali woti atsimikize kuti bungwe londisunga lidzandipatsa malo mu labotale, zipangizo ndi chithandizo cha ofesi, ndipo wina anali mlangizi woti azindiwongolera pa za tsogolo la ntchito yanga. Pa mlangizi ndinasankha dala mayi wina wasayansi wa kunja kwa gulu lathu, amene sakanapindula kapena kutaya kanthu ndi zosankha zanga. Bungwe londisunga linayeneranso kulonjeza kuti ntchito zosakhudza kafukufuku, monga kuphunzitsa ndi za mu ofesi, sizidzadya nthawi yanga yopitirira 20 peresenti. Lonjezo limeneli ndi la mtengo wapatali, chifukwa kwathu kuno munthu wa PhD akangopezeka, makomiti onse amamufuna. Chinanso n'chakuti pempho silipita kwa opereka ndalama lisanadutse ku ofesi ya bungwe lako yoona za ndalama za kafukufuku, ndipo ofesiyo imakhala ndi tsiku lakelake lotsekera, limene limabwera msanga kuposa lolengezedwa pa intaneti.

Mbiri ya ntchito yanga sanaifune ngati mndandanda wa zimene ndinafalitsa. Wellcome ndi limodzi mwa mabungwe amene anasaina DORA, chikalata chimene chinayambira ku San Francisco mu 2012, chonena kuti wasayansi asayesedwe ndi kutchuka kwa magazini imene ntchito yake inatulukamo. Anafuna kuti ndifotokoze m'mawu anga zimene ndinachita pa ntchito iliyonse ndi chifukwa chake zinali zofunika. Kwa ife amene maina athu amakonda kukhala pakati pa mndandanda wautali wa olemba, pamene oyamba ndi otsiriza ali a ku mayunivesite akunja, umenewu ndi mwayi weniweni. Ndinatha kulemba kuti ndine amene ndinakonza njira yosungira udzudzu wa funestus wamoyo paulendo wochoka kuchigwa kukwera ku Blantyre, kuti ndinaphunzitsa achinyamata ogwira ntchito m'midzi, ndiponso kuti ndinkakhala pamisonkhano ya mafumu ndi alangizi a zaumoyo pofotokoza zotsatira. Vuto linali chizolowezi chathu chodzichepetsa. Mlangizi wanga anabweza zimene ndinalemba koyamba atazunguliza mawu onse akuti “tinachita” n'kufunsa pambali kuti, “Nanga inuyo munachita chiyani?”

Pa bajeti ndi pamene ndinakhalitsa. Mapaundi 400,000 amamveka ochuluka mpaka utayamba kuwagawa pa zaka zisanu. Mankhwala oyesera mu labotale pafupifupi onse amachokera kunja, ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo pamtengo wake pamawonjezeka wa ndege, wa kuwasunga ozizira ndi wa kuwatulutsa pachipata. Mafiriji osungira zoyesa pa madigiri 80 pansi pa ziro amafuna jenereta ndi dizilo magetsi akazima. Galimoto yopita ku Chikwawa nthawi ya mvula iyenera kukhala yamphamvu, ndipo aliyense amene anaona zimene anamondwe a Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anachita ku misewu ndi milatho ya kuchigwa amadziwa kuti nyengo yathunthu yogwira udzudzu ikhoza kutayika. Ndinalemba m'pempho momwemo zimene ndidzachite zikadzatero. Kenako pali nkhani ya kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zogula kunja ndinaziwerengera m'ndalama zakunja, ndipo pa malipiro a anthu amene ndidzawalembe ntchito ndinakambirana ndi a ofesi ya ndalama kuti pakhale mpata wokwezera chaka ndi chaka, chifukwa amene amapwetekeka koyamba kwacha ikagwa ndi wogwira udzudzu kumudzi, osati mwini fellowship.

Pempho likatumizidwa limadutsa m'magawo atatu: komiti imasankha ochepa opitirira, akatswiri a nkhaniyo amalemba maganizo awo, ndipo pomaliza pamakhala intavyu. Zonsezi zimatenga miyezi yambiri, n'chifukwa chake munthu ayenera kuyamba kontrakiti yake ikadali ndi nthawi yopitirira chaka. Pokonzekera intavyu ndinapempha akuluakulu a pamalo pathu kuti andipanikize ndi mafunso ngati kuti sakundidziwa, ndipo anachitadi mopanda chifundo. Pa intavyu yeniyeni mafunso aakulu anali amene ndinkayembekezera: kodi ntchitoyi ikusiyana bwanji ndi ya pulofesa wanu, mudzatani ngati udzudzu upezeka kuti sunasinthe khalidwe, ndipo mukudziona muli pati zaka zisanuzi zikadzatha. Pa funso lachiwiri ndinayankha kuti kupeza kuti masikito akutetezabe anthu mokwanira ndi yankho lofunika kwa oyendetsa ntchito yolimbana ndi malungo, mofanana ndi kupeza kuti sakuteteza.

Kontrakiti yanga inatha yankho lisanafike. Pulofesa anapeza ndalama zochepa zondisungira kwa miyezi ingapo pa ntchito ina yowerengera zotsatira, ndipo ndikudziwa anzanga amene pa mpata ngati umenewu anachoka m'sayansi n'kukalowa ntchito m'mabungwe a chitukuko, osabwereranso. Ambiri mwa iwo anali amayi a ana aang'ono, amene sakanatha kukhala osadziwa kumene fizi ya teremu yotsatira idzachokere.

Kalata yovomereza itabwera, ntchito yogwira udzudzu sinayambe pomwepo. Njira yodalirika yodziwira nthawi imene udzudzu umaluma ndiyo yoti anthu odzipereka akhale pampando usiku wonse miyendo ili pamtunda, n'kumagwira udzudzu uliwonse umene watera usanalume. Kafukufuku wotere sangachitike popanda chilolezo cha komiti yoteteza anthu otenga nawo mbali, monga ya ku KUHeS kapena National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo. Ndinayenera kufotokoza mmene anthuwo adzatetezedwere ku malungo, mmene adzayezedwere ndi kulandira mankhwala akadwala, ndi kulemba chikalata chopempha chilolezo chawo m'Chichewa chomveka kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Zoyesa zimene ndinkafuna kutumiza kunja zinafunanso mgwirizano wolembedwa wonena za mwini wake ndi ntchito imene zidzagwire. Kenako ndinapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi kwa mafumu, pakuti mlendo sangakhazike anthu pakhonde la munthu usiku mfumu isakudziwa.

Lero ndili ndi gulu laling'ono: wothandiza mu labotale, wophunzira wa digiri yachiwiri, ndi achinyamata a m'midzi amene timawalemba nyengo ya udzudzu ikafika. Onsewa ali pa makontrakiti amene adzathe tsiku limene ndalama zanga zidzathe, choncho ndayamba kale kumuthandiza wophunzirayo kufunafuna malo a PhD, ndipo wothandiza mu labotale ndamulembetsa maphunziro amene angamuthandize kupeza ntchito kwina. Inenso malo okhazikika sindinawapeze. Chotsatira kwa ine ndi kupempha ndalama za gawo lapamwamba, monga Career Development Award ya Wellcome yomwe imafika zaka zisanu ndi zitatu, kapena kupeza malo pa yunivesite amene angandilole kupitiriza kafukufuku. Zonse ziwirizi zidzafuna kuti pofika chaka chachitatu ndikhale nditafalitsa zotsatira za nyengo ziwiri za mvula, ndipo dongosolo la ntchito ya gulu lathu ndalikonza motsatira zimenezo.