Agogo a ku Mwansambo ndi chamba cha mafakitale

Kuno ku Nkhotakota palibe wamkulu amene mungamuphunzitse maonekedwe a chamba. Agogo a pa kalabu yathu ya alimi ku Mwansambo anakula akuchiona, ena abale awo anagonapo m'chitokosi chifukwa cha icho. Ndiye ndikakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, ndimayamba ndi lamulo, chifukwa mantha awo ali pamenepo.

Nyumba ya Malamulo inavomereza mu February 2020 ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, boma nkukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority loti lizipereka ziphaso. Chosuta chija nchosaloledwabe. Cha mafakitale mphamvu yake yoledzeretsa, THC, siyenera kupitirira 1 peresenti. Phindu lake ndi luzi la zingwe ndi nsalu, komanso njere zoyengera mafuta. Anachiyesa kale ku malo ofufuzira zaulimi a Chitedze lamuloli lisanabwere.

Agogo ena aakazi, amene maso anayamba kuwavuta, anandifunsa: "Mwanawe, nanga mbewu tidzasunga m'chiguduli ngati ya mtedza?" Funso limeneli linandikondweretsa kwambiri, poti ndi la mlimi weniweni. Ndinawayankha kuti ayi, agogo. Chomerachi chili ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo mungu wake umauluka ndi mphepo mtunda wautali. Ngati kuseri kwa phiri wina wabisa chamba chakwathu chija, mungu wake ukagwera m'munda mwanu, njere zimene mungasunge zidzamera chamba champhamvu, ndipo inu mudzapezeka olakwa musakudziwa. Apa onse anagwedeza mitu. Za kusakanikirana kwa chimanga cha makolo ndi cha haibulidi amazidziwa bwino. Ndinawauzanso kuti kudambo kumene amalima mpunga asakuganizire nkomwe, mizu yake imaola m'madzi odikha.

Mapepala sindigawa, ambiri sawerenga. Ndimabweretsa kachingwe ka luzi lake, aliyense akakoke yekha.

Chimene chimandipweteka ndi mtengo wa chiphaso. Mu 2020 analengeza madola 2,000 pa chamba cha mafakitale. Nkhalamba yodalira chinangwa ndi Mtukula Pakhomo ingazipeze kuti? Njira yake ndi kopaletivi basi. Komabe ndimawachonderera kuti asagulitse mbuzi kapena kupereka ndalama kwa aliyense wobwera ndi galimoto nkumalonjeza msika, asanaone chiphaso chake ndi mgwirizano wolembedwa, mlangizi wa zaulimi ndi amfumu ali pomwepo.