Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mpando wa Mphaka ku Savoy

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo 13, makamaka anzanga ogwira ntchito yosamalira okalamba amene munati nkhani ya chisanu changa choyamba ku Harrogate, tauni ya ku England, inali ngati yanu yomwe. Ambiri mwandifunsa mobwerezabwereza za chithunzi chija ndinangochitchula modutsa, chimene chinachititsa kuti ine ndi Achimwene tikhale zaka 6 osalankhulana. Ndinkachizemba dala. Koma popeza ndinalonjeza kuti mbiriyi sindidzaidumphadumpha, lero ndifotokoza mmene chithunzicho chinajambulidwira ndi zimene zinkachitika pa ola lomwelo, kuti amene anandiweruza, omwe ndikudziwa kuti amawerenga mwakachetechete, amveko mbali yanga.

Pofika mu June 2013 ndinali nditakhala zaka 4 ndi Agogo, mayi wachizungu wokalamba amene ndinkawasamalira ku Harrogate. Mwezi umenewo ankakwanitsa zaka 90, ndipo ana awo atawafunsa mphatso imene angakonde, anayankha kuti akufuna kukagonanso ku hotela ya Savoy ku London, kumene anagona ndi malemu amuna awo atangokwatirana mu 1947. Anawo anasonkherana ndalama za usiku uwiri. Agogo sakanatha kupita popanda ine, chifukwa ndine ndinkawasambitsa, kuwakweza pa njinga ya olumala, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, ndiponso ndine ndinkadziwa mankhwala awo onse ndi nthawi zake. Ndinapita ku Savoy kukagwira ntchito, ndipo m'thumba mwanga simunatuluke ngakhale tambala imodzi. Mtengo wa usiku umodzi kumeneko unkaposa malipiro anga a sabata yathunthu, ndiye aliyense amene ankanena kuti ndinadya ndalama za mankhwala a Mayi anga ondibereka ankanena zimene sankazidziwa.

Mayi anali akudwaladwala chiyambire Pasaka, vuto lake lomwe lija la shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke, ndinawaimbira ndipo anandiuza kuti, "Mwanawe, usade nkhawa, lero phala ndamwa ndipo ndakhalako padzuwa." Ndikanamva mawu ena, mwina ndikanachita zina. Koma mawu amene ndinamva ndi amenewo.

Loweruka tinakwera sitima ku York, ndipo patatha maola awiri tinatsikira pa King's Cross n'kutenga takisi yakuda ija imene njinga ya olumala imalowa bwinobwino. Titafika mumsewu wa Strand, woyendetsa anakhotera m'kamsewu kakafupi kotchedwa Savoy Court, ndipo ndinadzidzimuka kuona kuti walowera mbali yakumanja, pamene ku Britain, monganso kwathu, galimoto zimayenda kumanzere. Agogo anandigwira bondo n'kunena kuti kamsewu kameneka ndi mmene kakhalira kuyambira kale. Pamwamba pa khomo panali dzina la hotelayo m'zilembo zikuluzikulu, ndipo pamwamba pakenso panaima chiboliboli cha golide cha Peter wa ku Savoy, amene mfumu Henry III inamupatsa malowo mu 1246. Bambo wapakhomo, atavala chipewa chachitali, ananyamula kachikwama kanga kakale kaja ndinagula ku Limbe ndi ulemu womwewo umene ananyamulira sutikesi yachikopa ya Agogo.

Agogo ankaidziwa mbiri ya nyumbayo ngati ya banja lawo, ndipo anandiuza yonse tili m'chikepe ndi m'makonde. Inatsegulidwa mu 1889 ndi Richard D'Oyly Carte, amene anapeza chuma kudzera m'masewero a nyimbo ochitikira m'holo yoyandikana nayo, ndipo inadabwitsa anthu chifukwa inali ndi magetsi paliponse, zikepe, ndi madzi otentha m'mipope. Nditamva chakacho ndinakumbukira tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, kumene ndinkapemphera ndili pasukulu, chimene pa nthawi yomweyo chinali chikumangidwa ndi manja a makolo athu. Hotelayo inatsekedwa kumapeto kwa 2007 kuti aikonze, n'kutsegulidwanso mu October 2010, ndipo Agogo anati zaka zonsezo ankapemphera kuti asamwalire isanatsegulidwe.

Amene munawerenga gawo 9 mukudziwa kuti ndisanayambe kusamalira okalamba ndinayalapo mabedi m'mahotela, zipinda zambirimbiri pa tsiku, msana uli moto. N'chifukwa chake nditalowa m'chipinda chathu, chimene chinali ndi kachipinda kanga kolumikizana nacho, sindinayambe ndayang'ana nyale kapena maluwa. Ndinapita pabedi n'kuyendetsa dzanja pangodya ya shiti, pamene panapindidwa molimba popanda khwinya ngakhale limodzi, ndipo ndinaganizira mayi amene anawerama pamenepo m'mawa umenewo. Kenako ndinakankhira Agogo pawindo. Pansi pathu panali mtsinje wa Thames, mlatho wa Waterloo kumanzere, ndi gudumu lalikulu la London Eye kutsidya. Anandiuza kuti Claude Monet, katswiri wa zojambula wa ku France, ankakhala m'hotela yomweyi n'kumajambula milatho ya pamtsinjewu mu nkhungu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatchula dzina la amuna awo motsitsa mawu ngati ali pambali pawo.

Madzulo kunali phwando la banja m'chipinda chapadera. Ankayembekezera anthu 14, koma mdzukulu wina wa ku Scotland analephera kubwera, choncho anatsala 13. Musaganize kuti azungu alibe zikhulupiriro zawo. Ku Savoy nambala imeneyi ili ndi mbiri: mu 1898 Woolf Joel, mkulu wa migodi ya ku South Africa, anaitana anzake ku chakudya, mmodzi sanabwere, ndipo anakhala 13 patebulo. Wina anachenjeza kuti woyamba kudzuka adzakhala woyamba kufa, iye anaseka n'kudzuka, ndipo patangopita masabata ochepa anawomberedwa ku Johannesburg. Kuyambira pamenepo hotelayo inkakhazika wantchito mmodzi patebulo kuti akwane 14, koma alendo sankamasuka kulankhula zakukhosi pamaso pa mlendo, ndiye m'zaka za m'ma 1920 anasema mphaka wakuda wamtengo, dzina lake Kaspar, amene amamuika pampando, kumumanga kansalu pakhosi, n'kumamuikira chakudya ngati munthu.

Adzukulu a Agogo anasangalala kuti mphakayo abwera. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa njinga, monga mwa nthawi zonse, kudikira kuti ndiwadulire nyama kenako ndikadyere m'chipinda. Agogo anakweza dzanja, onse anakhala chete, ndipo anati, "Mphaka sanditembenuza usiku. Pampandopo pakhale mwana wangayu." Mpongozi wawo anayang'ana pansi, koma mwana wawo wamkulu anadzuka n'kundikokera mpando. Ndinakhala, nditavala diresi yanga yachitenje ija anandisokera telala wa kwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lino munthu wina anandiikira chakudya patsogolo. Mdzukulu wamkazi ananena chinthu choseketsa, ine ndinaseka nditagwira tambula ya madzi a maapozi, ndipo anajambula n'kuika chithunzicho pa Facebook pamodzi ndi dzina langa.

Foni yanga inali m'chipinda. Ena anandifunsa kuti munthu amene mayi ake akudwala amasiya bwanji foni. Ndinaisiya chifukwa pa zaka 4 zonse sindinapitepo nayo patebulo podyetsa Agogo, popeza munthu wokalamba amene amavutika kumeza angatsamwidwe pa kamphindi komwe wayang'ana kumbali. Ndinaisiya chifukwa Lachinayi Mayi anali atamwa phala.

Nditawavula Agogo, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwagoneka, nthawi inali cha m'ma 11 koloko. Ndinatenga foni n'kuona kuti mng'ono wanga wandiimbira maulendo 17. Miyendo inazizira ndisanaimbe n'komwe. Ndinalowa m'bafa, ndinatseka chitseko, ndipo atayankha ndinamva kaye kulira kwa amayi ambiri kumbuyo kwake, kulira kumene aliyense wobadwira kumudzi amakudziwa. Iye anangoti, "Achemwali, Mayi atisiya."

Ndinakhala pansi pa miyala yosalala yozizira ija. Kwathu uthenga wotere ukafika, munthu amafuula, anansi amathamanga, amayi amamugwira m'mapewa, ndipo pasanathe ola moto wayaka panja. Ine ndinali ndi khoma limodzi pakati pa ine ndi nkhalamba ya zaka 90 imene mtima wake sukanapirira kudzidzimutsidwa. Ndinatsegula mpope kuti madzi aphimbe mawu, ndinatenga thaulo loyera lofewa lija n'kuliluma, ndipo ndinalira mmenemo mpaka pakhosi panauma. Ndinkaona manja a Mayi akupeta mpunga, ndinkaona chala chawo chija chinapindika ndi khasu, ndinkamva mmene anandiuzira pa bwalo la ndege la Chileka kuti, "Upite, koma usatiiwale, ndipo udzandiike ndiwe." Ndinali nditawalonjeza. Ndinabwereza lonjezolo m'thaulomo kambirimbiri ngati kuti kulibwereza kungasinthe kanthu. M'bafamo munali magalasi mbali zonse, ndipo kulikonse kumene ndinatembenukira ndinkaona mayi wovala chitenje chaphwando atakhala pansi yekhayekha.

Itakwana 2 koloko, nthawi yowatembenuza Agogo, ndinasukusula n'kupita. Ndinkaganiza kuti mumdima sazindikira, koma atangomva manja anga anati, "Manja ako akunjenjemera. Chachitika n'chiyani?" Nditawauza sananene mawu ambiri. Anandipempha kuti ndiwakweze panjinga ndi kuwapititsa pawindo, ndipo anaimbira antchito kuti abweretse tiyi. Anabweretsa ndi mayi wina wachikuda, amene mwa kalankhulidwe ndinaona kuti ndi wa kumadzulo kwa Africa. Atayang'ana maso anga anaika thireyi pansi, anandigwira phewa ndi manja awiri, n'kutuluka mwakachetechete. Agogo anandifunsa dzina la Mayi, analitchula mpaka analikhoza, kenako anati ndiwauze za iwo. Tinakhala pawindopo, dzanja langa lili m'dzanja lawo lowonda, ine ndikufotokoza za munda wa nandolo ndi za yunifolomu yawo ya Mvano, mpaka kunja kunayamba kuyera 5 koloko isanakwane ndipo madzi a Thames anasanduka otuwa. Siwa ya Mayi anga ndinaigona pamenepo, ndi munthu mmodzi.

Tsopano ndiyankhe funso limene linandipweteka kuposa onse, lakuti n'chifukwa chiyani sindinabwere kumaliro. M'mawa wa Lamulungu mwana wamkulu wa Agogo anati andigulire tikiti tsiku lomwelo. Koma pasipoti yanga inali ku ofesi yoona za zilolezo, kumene ndinali nditapempha kuti andiwonjezere nthawi yokhala m'dziko, ndipo kuitenga n'kutuluka kukanathetsa pempholo. Ndikanaika Mayi, koma sindikanabwereranso kuntchito, ndipo ana anga awiri pamodzi ndi ana atatu a Achimwene omwewo akanasiya sukulu. Ndinasankha ndikulira, ndipo ndikanati ndibwerere pa tsikulo ndikanasankhanso chimodzimodzi. Agogo anafuna kuti tifupikitse ulendo, ine ndinakana, chifukwa ku Harrogate sikunali pafupi ndi manda kuposa London. Ndinatuluka kukatumiza ndalama za bokosi, ufa, ndiwo ndi galimoto, n'kubwerera kudzawasambitsa.

Maliro anaikidwa Lolemba, ife tili musitima yobwerera. Ndinaima pakati pa mabogi, foni ili kukhutu, mng'ono wanga atagwira yake m'mwamba kumanda. Ndinamva amayi a Mvano akuimba, ndinamva makasu a adzukulu, ndipo dothi loyamba litangogwera pabokosi sitima inalowa m'ngalande ya pansi, foni n'kuduka.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti usiku wa siwa Achimwene ankayendetsa foni yawo kwa anthu kuonetsa chithunzi chija, akunena kuti, "Onani mwana wa malemu akumwa vinyo ndi azungu, amake ali m'bokosi." Azakhali anawonjezera kuti ndinagulitsa Mayi ndi mapaundi. Kwa ine Achimwene analemba kuti, "Achemwali, ndalama zanu talandira, koma manyazi amene mwatipatsa sadzatha." Achimwene, tinakhululukirana mu 2019 pomanga chiliza, ndipo sindikufukula nkhaniyi kuti tiyambanenso. Koma anthu amene munawaonetsa chithunzicho usiku uja sanamvepo kuti m'tambulamo munali madzi a maapozi, kuti ndinali pantchito, ndiponso kuti malata a nyumba imene ankagonamo siwayo ndinagula ndine poyala mabedi. Munandipepesa patokha kuseri kwa nyumba, pamene munandinyoza pagulu, n'chifukwa chake ndalemba pano.

Chithunzicho sindinachifufute. Chimaonetsa kuti chinajambulidwa nthawi ya 8:14 madzulo ku London, imene kwathu inali 9:14, ndipo mng'ono wanga akuti Mayi anatsirizika cha m'ma 9:20, ali m'galimoto ya aneba panjira yopita kuchipatala. Ndawerengera mphindi zimenezo kambiri. Pamene ndinkaseka, Mayi anali akadali moyo.

Agogo anamwalira mu 2015, ine ndili pambali pawo. Pasipoti inabwera patatha miyezi 5 chichitikireni maliro a Mayi, ndipo za mmene ndinafikira pamanda awo mvula yoyamba itagwa, ndi zimene ndinapeza m'sutikesi yawo, ndidzalemba m'gawo 15.