Zikomo nonse, nyenyezi zija zabadwa

Amayi, Lamlungu lililonse mumandifunsa pafoni kuti, “Nanga nyenyezi zakozo zabadwa?” Lero ndikuyankheni pagulu: zabadwa. Kafukufuku wanga wa Masters amuvomera.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuphunzira za milalang'amba (magulu akuluakulu a nyenyezi) yowala kwambiri mu infrared, kuwala kumene maso a munthu saona. Nyenyezi zikamabadwa zochuluka nthawi imodzi, fumbi lozizungulira limameza kuwala kwake, n'kutenthedwa, n'kumawala mu infrared. Setilaiti ya IRAS ndi imene inavumbula yambiri mu 1983. Wanga wapamtima ndi Arp 220, milalang'amba iwiri imene inawombana. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 250 miliyoni kuti kufike kuno. Mlalang'amba wathu umabereka nyenyezi imodzi kapena ziwiri pachaka, koma Arp 220 imabereka zoposa 100.

Ine funso langa linali la anansi. Milalang'amba ikakhala iwiri kapena kagulu kochepa, imakokana mwapang'onopang'ono mpaka kukumana, mpweya wozizira n'kukhuthukira pakati, nyenyezi n'kubadwa zambirimbiri ngati ngumbi mvula yoyamba. Koma m'chigulu chachikulu ngati cha Coma imadutsana pa liwiro loti singagwirane, ndipo mpweya wotentha wam'menemo umaulanda mlalang'amba mpweya wake wopangira nyenyezi. Umatsala gwaa, wosabereka. Asayansi awiri, Gunn ndi Gott, anazifotokoza mu 1972, ine ndangopalira m'munda wolima kale.

Mu Okutobala laputopu yanga inazima usiku osadzukanso, ntchito ya miyezi isanu ndi itatu ili momwemo. Ndinakhala pansi m'khitchini mpaka mbandakucha, ndikungodina batani.

Atsibweni, munagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndigule ina, osandiuza n'komwe. Ndinamva kwa achemwali, ndipo musawakalipire. Aphunzitsi amene munkandiyang'anira, munafukula theka la ntchitoyo m'maimelo anga akale, ndipo simunanene kuti “ndinakuuza usunge pawiri”, ngakhale munandiuzadi katatu. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, zikomo chifukwa cha tiyi wa 3 koloko usiku ndi kupirira nyali yanga.

Amayi, ndibwera mu Julayi. Mundisungire nkhwani wotendera. Tikadya tidzatuluke pabwalo ndikulozereni chakumpoto kumene kuli Arp 220. Simudzaona kanthu, koma ali pomwepo.