Ice Age Trail masamba atayoyoka

Ice Age Trail ndi njira ya oyenda pansi m'chigawo cha Wisconsin ku America, yotalika pafupifupi makilomita 1,900. Imayambira ku Interstate State Park m'mbali mwa mtsinje wa St. Croix, n'kukhotakhota mpaka ku Potawatomi State Park kufupi ndi Sturgeon Bay. Alipo amene amaiyenda yonse ulendo umodzi. Ine ntchito siyindilola, choncho ndimaidula zidutswazidutswa, Loweruka lino kachigawo aka, Loweruka lina kena, ndikutsata zizindikiro zachikasu zopakidwa pamitengo.

Ambiri amathamangirako mu Okutobala kukaona masamba atafiira, ndipo kukongola kwake sinditsutsa. Koma njirayi mumaidziwa bwino kuyambira mu Novembala, mitengo itatsala nthambi zokhazokha. Apo m'pamene maso amafika patali n'kuona mmene nthaka inaumbidwira, pakuti njira yonseyi imalondola malire amene madzi oundana, chiayezi chachikulu chimene chinakuta dera lalikulu la kumeneko, anafika asanasungunuke zaka zoposa 10,000 zapitazo.

Kumene ndinazionera pafupi ndi m'nkhalango ya Kettle Moraine, kumpoto kwa mzinda wa Milwaukee. Kumeneko zimiyulu ziwiri za ayezi zinakumana, china chochokera cha ku Green Bay, china cha ku nyanja ya Michigan, n'kusiya miyala, mchenga ndi dothi pakati pake. Zibulumwa zina za ayezi zinakwiririka m'dothimo, ndipo zitasungunuka nthaka inatitimira. N'chifukwa chake mukamayenda mumangoona chidzenje chozungulira bwinobwino kumanja, china kumanzere, zina zouma, zina muli madzi. Nthawi yotentha zonsezi zimabisika m'masamba, munthu n'kumangodandaula kuti zitunda zachuluka osadziwa chimene akukwera.

Pafupi ndi Butler Lake njira imakwera pa Parnell Esker, mtumbira wautali wopapatiza wokhala ngati mzere wa mbatata, koma wamtali kuposa nyumba. Unapangidwa ndi mtsinje umene unkayenda kunsi kwa ayezi n'kumaunjika mchenga ndi timiyala mu ngalande yake. Ndinaudutsa mu Januwale, chipale chofewa chitagwa usiku. Patsogolo panga panali mapazi a agwape okha, nawonso atasankha kuyenda pamsana pa mtumbirawo. Ndinafukula pang'ono ndi ndodo pamene mtengo unazuka, ndipo timiyala ta pansipo tinali tosalala, tozungulira, tooneka kuti madzi anatikunkhuniza nthawi yaitali. Mtima wanga unadzaza kwambiri.

Kuzizira kwake si kwamasewera. Madzi amaundana pakamwa pa botolo, choncho ndimaliika m'kati mwa jekete. Kunsi kwa nsapato ndimamangirira timano tachitsulo, chifukwa pamene anthu apondaponda pamaterera koopsa. Mu Disembala dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndiye kunyamuka m'mamawa n'kofunika. Kumapeto kwa Novembala kumakhala masiku 9 osaka agwape ndi mfuti; ngati mulowa m'nkhalango masiku amenewo, valani chovala chowala cha mtundu wa olenji kuti osaka akuoneni, musachite mphwayi.

Si ponse pokoma ayi. Njirayi sinathe kulambulidwa, moti zigawo zambiri zimalumikizidwa ndi misewu ya galimoto, ndipo kuyenda m'mbali mwa msewu mphepo ikuwomba kuchokera m'minda yopanda kanthu kumatopetsa. Komabe ndikaganiza kuti maganizo okonza njirayi amene Ray Zillmer, loya wa ku Milwaukee, anayambitsa m'zaka za m'ma 1950 anadzavomerezedwa ndi boma la America mu 1980, ndiponso kuti mpaka lero anthu ongodzipereka a bungwe la Ice Age Trail Alliance ndiwo amalambula ndi kupaka zizindikirozo, ndimayamikira ngakhale kachigawo kakafupi.

Chotsatira changa ndi Devil's Lake kufupi ndi Baraboo, nyanja imene inatsekedwa mbali ziwiri ndi milu ya miyala yosiyidwa ndi ayezi. Njira yake imakwera masitepe amiyala otsetsereka kwambiri, choncho ndikudikira Loweruka louma.