Mmene -flto inandiyendetsera ku East Bank kawiri

Pampu ya madzi ya alimi a mthirira a ku East Bank tsopano ikuyaka ndi kuzima yokha, ndipo a tcheya a sikimu akulandira uthenga pa foni thanki ikadzaza. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti nkhaniyi inatha bwino, chifukwa zotsatirazi ndi madandaulo okhaokha. Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Nchalo, laputopu ili pa mpando chifukwa pamiyendo ikuotcha.

Kabokosi kamene ndinawapangira alimi a mthirira aja si kachilendo. Mkati muli kakompyuta kakang'ono ka STM32F103C8, pa kabolodi kabuluu kamene ambiri timati Blue Pill, kokhala ndi flash (mosungira pulogalamu) ya 64 KB ndi RAM ya 20 KB. Pali SIM800L yotumizira mauthenga, kachipangizo koyezera madzi m'thanki, ndi relay yoyatsira pampu ya sola. Kanagwira ntchito miyezi ingapo popanda vuto. Kenako komiti inapempha kuti mauthenga azibwera m'Chichewa ndi m'Chisena, komanso kabokosiko kazisunga maola amene pampu yatunga madzi tsiku lililonse. Ndinavomera msangamsanga ngati munthu amene ali ndi malo ambiri. Nditamaliza kulemba code, linker, pulogalamu yolumikiza zidutswa za code, inandiyankha kuti region FLASH overflowed, kutanthauza kuti code yanga sikukwana mu flash, ndipo zosefukirazo zinali pafupifupi 5 KB.

Pa njira zoyamba zochepetsera pulogalamu sinditayapo nthawi. -Os, flag youza compiler (pulogalamu yosandutsa code kukhala malangizo a makina) kuti ichepetse kukula kwa pulogalamu, inalipo kale. Ndinawonjezera -ffunction-sections ndi -fdata-sections, pa link n'kuika -Wl,--gc-sections kuti ma function osagwiritsidwa ntchito atayidwe, ndiponso --specs=nano.specs kuti printf ichepe thupi. Ngati simunayese zimenezi, yambani kumeneko musanakhudze china chilichonse. Ine zinandithandiza, koma ndinatsalabe ndi ma byte pafupifupi 2,000 opanda kokhala.

Apa m'pamene ndinaitana -flto, flag yoyatsa LTO (link-time optimization) mu GCC, compiler imene ndimagwiritsa ntchito.

Nthawi zonse compiler imaona fayilo imodzi payokha. Ikamagwira main.c sidziwa zimene zili mu uart.c, imangokhulupirira kuti function imene yaitanidwayo ikapezeka kutsogolo, ndipo linker ndi imene imadzalumikiza zidutswazo. Mukaika -flto, fayilo ya .o, imene compiler imatulutsa pa fayilo iliyonse ya code, sikhalanso ndi malangizo a makina omalizidwa. Imasunga code yanu m'chinenero chamkati cha GCC chotchedwa GIMPLE, ndipo pa nthawi ya link, gcc imatenga zonsezo pamodzi n'kuchita compile pulogalamu yonse ngati fayilo imodzi. Ikaona function yaing'ono yoitanidwa malo amodzi, imailowetsa momwemo. Ikaona nthambi ya code imene sidzafikidwa, imaidula. GCC ili ndi zimenezi kuyambira pa 4.5, m'chaka cha 2010, choncho si zachilendo. Koma tanthauzo lake ndi lakuti mzere wa link uja, umene ambirife timangoukopera kwa anzathu osauwerenga, ndi umene tsopano ukupanga pulogalamu yeniyeniyo.

Ndiye ma flag amene mwaika pa compile muwaikenso pa link. Mu Makefile yanga, fayilo ya malangizo omangira pulogalamu, mzerewo tsopano umayamba ndi $(CC) $(CFLAGS) $(LDFLAGS), basi. Mukapanda kuika -O iliyonse (flag yonena mlingo wokonzera code, monga -Os) pa link, GCC imayang'ana ma .o onse n'kusankha mlingo waukulu umene yaupeza. Mwina zingakukomereni, koma ine sindifuna kuti makina azindiganizira pamene ndikuwerengera byte iliyonse. Ndipo link muzichita kudzera mu gcc, osati kuitana ld mwachindunji.

Chopunthwitsa choyamba chinali chaching'ono. Code ya mauthenga ndimaisunga mu library yakeyake, libsms.a, imene ndimamanga ndi arm-none-eabi-ar. Nditangoika -flto, panabwera mawu akuti plugin needed to handle lto object, kenako undefined reference mndandanda wonse, ma function amene ndikuwaona ndi maso angawa mu fayilo. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira GCC 4.9 ma .o a LTO amakhala ndi GIMPLE yokhayokha, ndiye ar wamba satha kuwerenga maina a ma function mkatimo kuti alembe kalozera. Mankhwala ake ndi arm-none-eabi-gcc-ar, imene imabwera limodzi ndi compiler. Zinanditengera madzulo amodzi. Zimenezo sindidandaula nazo.

Itamangika, arm-none-eabi-size inandionetsa kuti ndatsika pansi pa 64 KB, n'kutsalanso malo opumira. Ndinaika pulogalamuyo pa bolodi ina imene ndili nayo kunyumba, kagetsi kanaphethira, relay inalira kuti tha. SIM800L ndinalibe ina, yokhayo inali kumunda, ndiye mbali ya mauthenga sindinaiyese. Ndinadziuza kuti code imeneyo sindinaisinthe kwenikweni, ndangowonjezera mawu. Kumbukirani chiganizo chimenechi.

Amene simunafikeko ku East Bank, ulendo wake uli chonchi. Kuchoka ku Nchalo mumakwera minibasi pa M1, kudutsa pa Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kutsikira pa Thabwa. Kuchoka apo ndi kabaza ya njinga yamoto, fumbi m'kamwa, chikwama cha laputopu chikukugundani pamsana pa bampu iliyonse. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amadziwa chigwa chino sindifunika kuwafotokozera. Wakabaza anandiuza mtengo umene sindinkayembekeza, ati mafuta avuta, ndipo nditayesa kunenerera anangoloza dzuwa. Ndinalipira.

Ndinafika cha m'ma 10 koloko. A tcheya anali atasonkhanitsa komiti yonse pansi pa mtengo wa nimu, amayi ena atasiya kupalira chimanga cha m'dimba kuti adzamve uthenga woyamba wa m'Chisena. Ndinalumikiza ST-Link (kachipangizo kothirira pulogalamu mu bolodi), kuthira pulogalamu, kuyatsa. Kagetsi kanaphethira kawiri n'kuima. Zii.

"Achimwene, chatani?" anafunsa a tcheya.

"Chikuganiza kaye, bambo," ndinatero ine, ndikudziwa bwino lomwe kuti makinawa saganiza nthawi yaitali chonchi.

Ndinakayikira -flto nthawi yomweyo, chifukwa ndi chinthu chachikulu chokhacho chimene ndinasintha. Ndiye ndinatsegula Makefile, kuchotsa -flto pa mzere wa link, kulemba make, kuthiranso. Chimodzimodzi. Kagetsi kawiri, zii. Apa m'pamene tsiku langa linatayikira, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Ndinaganiza kuti poti ndachotsa LTO koma vuto lilipobe, ndiye kuti LTO ilibe mlandu. Ndinayamba kusaka kwina. Ndinavula mawaya onse a SIM800L n'kuwabwezeretsa. Ndinayeza mphamvu ya magetsi, poti kachipangizoka kamakoka mpaka 2 A kakamalankhula ndi netiweki. Ndinabwereka SIM khadi ya mlembi wa komiti, ndinagula mayunitsi kwa mnyamata wina amene anachita kupalasa njinga kukawatenga. Ndinakwera pa chulu kusaka netiweki. Zonsezi batire ya laputopu yanga, imene siidutsa ola limodzi ngakhale kutazizira, ikutha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti gcc ikapeza .o ngakhale imodzi yomangidwa ndi -flto, imachita LTO yokha pa link, kaya mwalemba -flto pamenepo kaya ayi. Ma .o anga onse anali akale aja, odzaza GIMPLE. Ndinali ndisanachotse kalikonse. Chikanandionetsa n'chapafupi zedi: pulogalamu yopanda LTO sinkakwana mu flash, nanga iyi inakwana bwanji? Koma mutu ukatentha suwerenga. Kuti muzimitse LTO pa link muyenera kulemba -fno-lto, ndipo imeneyonso siigwira ngati ma .o anu alibe code yeniyeni ya makina, pokhapokha munawamanga ndi -ffat-lto-objects, imene imasunga zonse ziwiri mu fayilo imodzi. Njira yachidule ndi kuchotsa -flto mu CFLAGS, kenako make clean. Make clean, anthuni. Make payokha imayang'ana nthawi imene mafayilo anasinthidwa, siidziwa kuti mwasintha ma flag.

Laputopu inazima cha m'ma 12. Pulogalamu yakale ndinali nayo, koma mu laputopu yomweyo. Ndinawasiyira alimi kabokosi kakufa, pamene m'mawa kanali kamoyo, ndipo kwa masiku asanu mnyamata wina ankayatsa ndi kuzimitsa pampu pamanja. Mayi wina wa m'komiti anandipatsa thobwa ndisananyamuke, osanena kanthu, ndipo zikanandikomera akanandikalipira. Wakabaza uja anandilipiritsanso mtengo womwewo pobwerera.

Ndaiwala kunena kuti ndisanachoke ndinamasula SIM800L ija n'kuitenga, chinthu chanzeru chokhacho chimene ndinachita tsiku limenelo. Kunyumba, magetsi atabwera, vuto linaoneka pa tebulo pomwepo. Ndiye ndinayamba kuchotsa mafayilo mu LTO imodziimodzi. Mu Makefile mumangolemba mzere ngati uart.o: CFLAGS += -fno-lto, ndipo poti yabwera pambuyo pa -flto, ndi imene imapambana pa fayilo imeneyo yokha. Ena onse amapitiriza kuphatikizidwa. Mukakhala ndi mafayilo ambiri, chotsani theka, muone, kenako theka la theka. Ine ndili nawo khumi ndi awiri okha. Nditachotsa uart.c, SIM800L inayankha.

Mu uart.c muli kachizindikiro kotchedwa yankho_lafika, kamene interrupt (code imene imadukiza pulogalamu uthenga ukangofika) imakasintha kukhala 1 pamene SIM800L yatumiza OK. Mu main.c ndimadikira ndi while imene imaitana function yaing'ono yongobweza kachizindikiroko. Sindinakalembe volatile, mawu ouza compiler kuti chinthucho chikhoza kusintha nthawi iliyonse, choncho izichiwerenga mwatsopano. Kwa miyezi yonse ija zinkayenda chifukwa compiler, pogwira main.c, sinkaona mkati mwa function ija, ndiye inkakakamizika kuiitana ulendo uliwonse, ndipo ulendo uliwonse kachizindikiroko kankawerengedwa mwatsopano. LTO itagumula mpanda wa pakati pa mafayilo awiriwo, compiler inalowetsa function ija mu while, n'kuona kuti mkati mwa while mulibe chimene chikusintha kachizindikiroko. Za interrupt siidziwa, palibe amene anaiuza. Ndiye inawerenga kamodzi, n'kupeza ziro, n'kukhala pomwepo mpaka kalekale. Nditatsegula ndi arm-none-eabi-objdump -d ndinauona ndi maso: mzere umodzi wodumphira pa iwo wokha.

Ndinafuna kuitukwana GCC, koma inali ndi ufulu wonse. Cholakwacho chinali changa kuyambira tsiku loyamba, chinkangobisala. Mawu amodzi, volatile, ndipo ndinachotsanso -fno-lto ija pa uart.o chifukwa sinkafunikanso. Ena akanaisiya pomwepo n'kumati zatheka, koma kumeneko ndi kukwirira moto ndi mankhusu. Ndinafufuza mafayilo onse kusaka china chilichonse chimene interrupt imakhudza, ndipo ndinapeza zina ziwiri, china chowerengera nthawi, chimene chikanadzandiluma tsiku lina ndili kutali.

Pali zina zimene ndinakumana nazo m'masiku asanu amenewo. Fayilo ya map, imene mumaipeza ndi -Wl,-Map, siikuuzaninso bwino kuti fayilo iti yadya malo angati, chifukwa pafupifupi zonse zimaoneka kuti zachokera mu mafayilo osakhalitsa okhala ndi dzina la ltrans. Ndikafuna kudziwa chimene chikunenepa ndimagwiritsa arm-none-eabi-nm ndi --size-sort pa fayilo ya .elf yomaliza. Kuyeza ma .o ndi size kulibenso phindu. Ngati muli ndi function imene imaitanidwa kuchokera mu assembly ya mkati mwa C yokha, ilembeni __attribute__((used)), apo ayi LTO ikhoza kuiona ngati yopanda ntchito n'kuitaya. Ndipo mukafuna kuyenda mzere ndi mzere mu gdb, pulogalamu yofufuzira zolakwika, ikani -g pa link pomwe, ngakhale muzidzadabwabe ikamadumphadumpha poti ma function ambiri asungunukira mwa anzawo. Ine tsopano ndili ndi njira ziwiri mu Makefile: ina ya LTO yopita kumunda, ina yopanda LTO yofufuzira, imene ndimaichotsera mauthenga a m'Chisena kuti ikwane. Iliyonse ili ndi foda yakeyake ya ma .o, kuti za make clean zija zisandichitikirenso. Koma ndikakayika pang'ono pokha ndimachitabe make clean.

Ulendo wachiwiri ndinanyamuka m'bandakucha, laputopu yodzaza, pulogalamu yakale ndi yatsopano zonse zili pa flash disk m'thumba la malaya. Sindinawauze a tcheya kuti asonkhanitse anthu. Tinali atatu okha, ine, iwo ndi mnyamata woyatsa pampu uja. Thanki itadzaza foni yawo inalira, anawerenga uthengawo kawiri, kenako anandiuza kuti Chisena changa chalakwika pa mawu amodzi. Mawuwo ndi aatali kuposa amene ndinalemba ndi zilembo zitatu, ndipo malo ake alipo.